Kupezera munthu wamtali malo mu Eunos Roadster ya 1991: momwe ntchito ikuyendera

Kumapeto kwa Febuluwale: kuyeza kaye

Galimotoyi ndi Eunos Roadster ya 1991, ya mipando iwiri ndi denga lansalu lotseguka, ya injini ya malita 1.6, imodzi mwa zambirimbiri zija zidalowa muno m'Britain kuchokera ku Japan zitagwirako kale ntchito. Ku Ulaya idagulitsidwa pa dzina la Mazda MX-5, ku America amati Miata, koma thupi ndi lomwelo lomwe a Mazda adaonetsa koyamba ku Chicago mu Febuluwale 1989. M'litali siikwana mamita 4, ndipo kuchokera pansi kufika padenga ndi mamita 1.23 kapena kuposerapo pang'ono. Ine ndine wa mamita 1.91.

Ndisanagwire sipanala ndayamba ndi tepi yoyezera. Anthu aatalife tili mitundu iwiri. Ena utali wawo uli m'miyendo, ndipo amalimbana ndi chiwongolero ndi dashibodi. Ena utali uli m'thunthu, kuyambira m'chiuno kufika pamutu, ndipo awa mdani wawo ndi denga. Ine zandigwera zonse, koma thunthu ndiye laposa. Denga likatsekedwa mutu umakhudza nsalu, ndipo pa bampu ndimamva chimodzi mwa zitsulo zopingasa zomwe zimanyamula nsaluyo. Maso anga amagwera ndendende pa chitsulo chapamwamba cha galasi lakutsogolo, moti ndikaima pa maloboti ndimachita kuwerama kuti ndione ngati ayaka obiriwira. Bondo lakumanzere limagunda chiwongolero ndikamachotsa phazi pa kilachi, lakumanja limakanikizana ndi chotsamira mkono cha pachitseko.

Aliyense woona izi amati, "Bwezerani mpando kumbuyo." Kumbuyoko kulibe. Mpando ukafika kumapeto kwa njanji zake msana wake umagunda khoma lachitsulo, ndipo kuseri kwa khomalo kuli thanki ya petulo ya malita 45. Khomalo silikhudzidwa. Chiwongoleronso cha galimoto za mtundu woyambawu sichikwera, sichitsika, sichibwera pafupi. Kwatsala njira imodzi, yopita pansi: kutsitsa matako a dalaivala, ndi kuwapendeketsa pang'ono kuti mawondo apeze poyenda.

Ndamata tepi pa khoma lakumbuyo ndi kulembapo pomwe pakufika mutu wanga, mpando uli kumapeto kwenikweni. Kusintha kulikonse ndiziyezera pa chizindikiro chimenechi, chifukwa munthu akagwira ntchito tsiku lonse thupi limamunamiza kuti malo achuluka.

Malichi: siponji

Mpando umagwidwa ndi mabawuti 4, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo. Musanaunyamule fufuzani waya pansi pake. Mipando yambiri ya galimoto zimenezi ili ndi timasipika m'chotsamira mutu, ndiye mukakoka mwamphamvu mumadula waya wake. Tanga tidafa kalekale, koma ndamasula pulagi bwinobwino.

Njira yotchipa kwambiri, yomwe eni galimotozi akhala akuchita kwa zaka zambiri, ndiyo kusenda siponji ya mpando. Chikopa kapena nsalu ya mpando imamangidwa ku chitsulo ndi timphete tawaya. Timeneto ndadula ndi pulayazi, ndipo pobwezera ndagwiritsa ntchito timalamba tapulasitiki tomangira mawaya, chifukwa n'zotheka kuti ndidzatsegulanso. Podula siponji ndabwereka mpeni wamagetsi wodulira buledi. Mpeni wamba umang'amba, siponjiyo n'kutsala mabampu.

Chachikulu apa ndi podula. Ndasenda kunsi kwa siponji, osati pamwamba, kuti maonekedwe a mpando asasinthe ndipo nsalu isachite makwinya. Ndachotsa kwambiri chakumbuyo, pomwe pamakhala mafupa a m'matako, koma kutsogolo, pansi pa ntchafu, sindidakhudze. Mukasenda monse mofanana mumatsika, inde, koma ntchafu zimasowa potsamira ndipo ulendo wautali umakupwetekani m'chiuno. M'mbali namo ndasiya, popeza ndimo mumagwira munthu pokhota. Pa msana wa mpando ndachotsa pang'ono pakati, kuti ndilowe m'kati mwa mpando m'malo mokhala pamwamba pake.

Pa chizindikiro chija ndatsika ndi masentimita pafupifupi 3, ndipo ndabwerera kumbuyo ndi 2. Mutu wasiyana ndi nsalu. Kuipa kwake n'koti maenje a m'misewu ya kuno ku Leicestershire nyengo yozizira ikatha ndikuwamva onse, chifukwa pakati pa ine ndi mbale yachitsulo ya mpando patsala kasiponji kopyapyala. Kwa munthu wongofuna kuyenda mumsewu, wosapitirira mamita 1.85 kapena chapomwepo, ine ndinganene kuti aimire pomwepa. Sanaonongepo ndalama, ndipo mpando ukuyendabe pa njanji zake.

Kumayambiriro kwa Epulo: mawondo

Kutsika kwathandiza mutu koma mawondo sanapindule kwenikweni. Ndayika chiwongolero cha mamilimita 330 m'malo mwa chachikulu chomwe chidabwera ndi galimoto, ndi kachitsulo kotalikitsa kumbuyo kwake kuti chibwere pafupi ndi chifuwa. Ambiri amadabwa kuti munthu wamtali akubweretsa chiwongolero pafupi. Nkhani ndi yoti ndodo ya chiwongolero imakwera mopendekeka, ndiye chikamabwera kwa iwe chimakweranso m'mwamba, n'kusiya mpata pamwamba pa mawondo. Manja nawo amapindika bwino pa zigongono m'malo motambasuka.

Yanga ilibe airbag (thumba lofufuma lotchinga dalaivala pa ngozi) pa chiwongolero, monga mmene zidaliri zambiri za ku Japan za zaka zimenezo, n'chifukwa chake ntchitoyi yaphweka. Wa galimoto yomwe idabwera ndi airbag asatengere ine, chifukwa pa MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ndi yoyenera kuyenda mumsewu, amaigwetsa akapeza kuti yachotsedwa. Zovuta zake ndi ziwiri zazing'ono. Mkombero wa chiwongolero chaching'ono ukubisa pamwamba pa sipidomita, ndipo ndodo ya indiketa yatalikira zala. Ndizolowera.

Chotsamira mkono cha pachitseko ndachotsa, m'malo mwake ndayika lamba wansalu wokokera chitseko. Chopumirapo phazi lakumanzere, chija chili pambali pa kilachi, nachonso chatuluka, ndipo mwendo ukutambasuka mpaka pa kapeti. Poyamba ndinkakhala ngati munthu wopanikizidwa pa mpando wa kuseri kwa dalaivala mu minibasi ya ku Ndirande, mawondo kukhosi. Pano bondo likudutsa pansi pa chiwongolero osakhudza.

Pakati pa Epulo: roll bar ndi ndodo ya tsache

Cholinga chenicheni cha ntchito yonseyi ndi kukayendetsa galimotoyi pa masiku omwe mabwalo ampikisano amatsegulira anthu wamba. Donington Park ndi Mallory Park onse ali m'dera lomwelino. Kumeneko helemeti ndi lamulo, ndipo helemeti imawonjezera masentimita angapo pamwamba pa mutu, kudya zonse zomwe siponji idandipatsa. Komanso galimoto yopanda denga lolimba ikagubuduzika palibe chotchinga mutu. Chitsulo cha galasi lakutsogolo si chodalira. Ndiye ndamanga roll bar, chitsulo chopindika chokhala kumbuyo kwa mipando, chamiyendo inayi yomangidwa ku thupi la galimoto, chomwe chimalolabe denga lansalu kutseka. Si tija tokongoletsa tonyezimira tomwe timagulitsidwa motchipa. Timeneto galimoto ikagubuduzika timapindikira kutsogolo, komwe kuli khosi la munthu.

Poyeza pali njira yomwe anthu a mipikisano amagwiritsa ntchito kwambiri. Denga likhale lotsegula, dalaivala akhale pampando atavala helemeti ndi lamba, ndiye wina ayale ndodo yowongoka, ngakhale ya tsache, kuchokera pamwamba pa roll bar kufika pamwamba pa galasi lakutsogolo. Helemeti ikhale pansi pa ndodoyo, ndipo ambiri amafuna mpata wa masentimita 5. Alamu anga ndiwo adagwira ndodo. Atayiyala idakhala pa helemeti osafika n'komwe pa galasi.

"Alamu, apa roll bar ndi inuyo," adatero akuseka. "Chitsulochi ndiye mukuchiteteza."

Roll bar siingakwere kuposa pamenepa, chifukwa denga silingatseke. Ndiye kutsika kukupitirira.

Vutoli si lachilendo. Dan Gurney, dalaivala wa mipikisano wa ku America, anali wa mamita 1.93, ndipo pa mpikisano wa Le Mans wa 1967, womwe adapambana limodzi ndi A. J. Foyt, Ford GT40 Mk IV yawo idachita kuumbidwa kachotupa padenga kuti helemeti yake ikwane. Iye adali ndi denga loti n'kuliumba. Langa ndi nsalu.

Chinanso chomwe roll bar yabweretsa n'choti tsopano pali chitsulo pafupi ndi kumbuyo kwa mutu wanga, ndipo mumsewu wamba sindivala helemeti. Munthu akakugunda kumbuyo ngakhale pang'onopang'ono, mutu umabwerera n'kukachipeza. Ndakutira ndi zotchingira zolimba za muyezo wa SFI 45.1. Siponji yofewa yokutira mapaipi a madzi imaoneka yofanana nazo koma imaphwatalala nthawi yomweyo.

Kumapeto kwa Epulo: pansi pa kapeti

Ndagula mpando wa mpikisano wopanda chopendeketsa, wa fibreglass, womangira m'mbali. Ndi wa muyezo wa 8855-1999 wa FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto padziko lonse. Mipando imeneyi imaloledwa pa mipikisano ya malamulo a FIA kwa zaka 5 zokha, ndiye nthawiyo ikatha eni ake amaigulitsa motchipa ngakhale ilibe mng'alu. Kwa ine wongokayendetsa mongosangalala ndi yokwanira. Ndauyang'anitsitsa pa mabowo a mabawuti ndi m'makona. Musanagule yezani m'lifupi mwake pamapewa ndi pansi, chifukwa m'galimotoyi pakati pa chitseko ndi mtumbira wa giya mpata ndi wochepa, ndipo mipando yambiri yokwana munthu wamkulu thupi imagunda chitseko. Ena amaika mipando ya galimoto ya Lotus Elise, yomwe ndi yopyapyala, koma mitengo yake idandibweza.

Nditachotsa kapeti ndaona bwino chomwe chikundikweza. Njanji za mpando zili ndi msinkhu wake, ndipo kumbuyo zimakhala pa timitumbira tiwiri tachitsulo towotchereredwa pansi pa galimoto. Mpando watsopano ndikauika pa mabulaketi omangidwa pa mabowo akale, popanda njanji, kunsi kwake kukugunda timitumbirato usanafike pansi. Ndayesa ndodo ija mpando utangokhazikidwa choncho, ndipo helemeti ili pansi pa ndodo, koma mpata wake chala chimodzi chokha ndiye chikulowa.

Apa ndipo panafunika kukambirana kunyumba. Njanji zikachoka mpando suyendanso, ndipo mayi a ana, omwe amandifika paphewa, sangafikire kilachi.

"Ndiye galimoto ija mwandilanda?" adafunsa.

Ndidawayankha kuti mpando wakale ndi njanji zake ndasunga, ndipo malinga ngati mabowo akale alipo, kubwezera ndi nkhani ya mabawuti 4.

"Nanga mukadula zomwe mukunenazo?"

Funso limeneli ndi lomwe ndakhala nalo masiku onsewa. Kudula timitumbira sikubwezeka mosavuta. Tagwirizana kuti ndidule takumbuyo tokha, takutsogolo titsale, ndipo wowotcherera apange tizitsulo tiwiri tomangira ndi mabawuti tolowa m'malo mwa todulidwato tsiku lomwe mpando wakale ukubwerera. Ndalama zakwera, koma galimoto ikhalabe ya anthu awiri.

Meyi: kudula ndi kuwotcherera

Gawo ili sindidachite ndekha, ndipo sindingalimbikitse munthu kuphunzirira kuwotcherera pa chitsulo chonyamula mpando wake. Ndapita nayo kwa bambo wina wachikulire yemwe amakonza galimoto zakale.

Tisanayatse chilichonse tidaikweza n'kuyang'ana kunsi. Mapaipi a petulo amadutsa kunsi mbali yakumanja, ndipo sefa ya petulo ili chakumbuyo mbali yomweyo. Kwa a ku America imeneyo ndi mbali ya wokwera, n'chifukwa chake malangizo awo ambiri satchula kwenikweni za mapaipiwa. Kwa ife a chiwongolero chakumanja, ali kunsi kwa dalaivala, pafupi ndi pomwe pakubooledwa ndi kuwotchereredwa. Tidawamasula pa timagwiriro tawo, kuwakankhira pambali ndi kuwatchinga ndi bulangete losapsa. Batire, lomwe m'galimotoyi lili m'buti, tidalimasula. Phula lakuda lopaka kunsi nalo limayaka, ndiye tidalipala kaye.

Timitumbira sitidadule ndi galayinda. Tidaboola timadontho tomwe fakitale idawotcherera, kamodzikamodzi, mpaka chitsulo chidanyamuka chokha, pansi pa galimoto osang'ambika. Ndi ntchito yotopetsa koma imasiya malo osalala.

Pomwepo tidaonanso dzimbiri. Galimoto zimenezi zimadziwika ndi kuola kwa zitsulo za m'munsi mwa zitseko, makamaka chakumbuyo pafupi ndi tayala, chifukwa timipaipi totulutsa madzi a padenga tikatsekeka madziwo amakhazikika m'kati. Mchere womwe amathira m'misewu ya kuno nthawi yachisanu umamalizitsa. Yanga idayamba kuchita matuza kumanja. Izi zikukhudza ntchito yathu mwachindunji, popeza pa MOT dzimbiri lofooketsa chitsulo m'kati mwa masentimita 30 kuchokera pomwe pamangidwa lamba limagwetsa galimoto. Bamboyo adadula chowolacho n'kuika chitsulo chatsopano tisanapitirize za mpando. Zatidyera nthawi, koma kumanga mpando wolimba pafupi ndi chitsulo chofumbwa kukadakhala kudzinamiza.

Pomanga mpando tatsata miyezo ya FIA ngakhale palibe wotikakamiza, chifukwa ndi manambala omwe anthu adawayesa kale. Malo omangira akhale osachepera 4, mabawuti osachepera mamilimita 8 kukula kwake, mabulaketi achitsulo osachepera mamilimita 3 kuchindikala, ndipo pa bawuti iliyonse pakhale chitsulo chogwirizira cha masikweya sentimita 40 kapena kuposa. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pansi pa galimoto ndi lata lopyapyala. Pa ngozi thupi la munthu limakoka mpando ndi mphamvu yoposa kulemera kwake kambirimbiri, ndipo bawuti yokhala ndi kawashala wamba imangong'amba latalo n'kutuluka. Chitsulo chachikulu kunsi chimagawa mphamvuyo pa malo aakulu. Tazungulitsa makona ake kuti asadule lata. Mabawuti ndi a giredi 8.8, ndi manati osamasuka okha. Pomaliza tapaka penti yoletsa dzimbiri mbali zonse ndi kubwezera phula kunsi.

Mpando tsopano uli pafupifupi pa lata penipeni, kunsi kwake kwangotsala kampata koti usakhude. Mabulaketi a m'mbali ali ndi mabowo angapo, ndipo ndasankha lapansi kumbuyo ndi lachiwiri kutsogolo, kuti kutsogolo kukwere pang'ono n'kunyamula ntchafu. Ndodo ya tsache yadutsa pamwamba pa helemeti ndi mpata wa masentimita pafupifupi 6. Alamu adayeza kawiri posakhulupirira.

Kumayambiriro kwa Juni: lamba

Anthu ambiri akafika pamenepa amajambula zithunzi n'kunena kuti ntchito yatha. Koma lamba adapangidwira munthu wokhala pomwe mpando wakale udali, ndipo ine ndatsika ndi masentimita ambiri ndithu. Nditamanga koyamba, lamba wa m'chiuno adadutsa pamwamba pa m'mbali mwa mpando, osandikhudza mafupa a m'chiuno, n'kukhala pamimba. Pa ngozi munthu wotere amatsetsereka kunsi kwa lamba, ndipo lambayo amafinya matumbo m'malo mogwira mafupa. Mpando ukapendekeka kwambiri chiopsezochi chimakulanso, n'chifukwa chake sindidaugoneke mpaka pa bowo lomaliza ngakhale zikadandipatsa mpata wina pamutu.

Ndamasula lamba pansi n'kumulowetsa pa bowo la m'mbali mwa mpando, ndipo chomangira chake cha mbali ya giya ndachilowetsa pa bowo linalo. Tsopano akugwira m'munsi, pa mafupa. Mabawuti a lamba ali ndi mazinga akeake, a 7/16 UNF (muyezo wa mainchesi), osati a mamilimita, ngakhale m'galimoto ya ku Japan. Bawuti ya mamilimita imalowa pang'ono n'kuononga mazinga, ndiye bwezerani omwewo omwe mudamasula. Wa paphewa akudutsa pakati pa phewa, osati pakhosi. Kwa munthu wamtali kutsika kwathandiza apa, chifukwa kale ankachokera m'munsi mwa phewa langa.

Malamba a mpikisano a zingwe zambiri sindidaike, ndipo mumsewu sindikuwafuna. Amakumanga moti sungatembenuke kuyang'ana pa mphambano. Ndikadzawafuna pa bwalo adzamangidwa pa chitsulo chopingasa cha roll bar, kuti zingwe za m'mapewa zizipita kumbuyo mowongoka kapena kutsika osapitirira madigiri 20. Zikamangidwa pansi kuseri kwa mpando zimapanikiza msana pa ngozi.

Pomwe tafika

Ndayenda nayo m'misewu ya kumidzi ndi pa msewu waukulu wa M1 wa kuno. Maloboti ndikuwaona osawerama, ndipo maso akugwera pakati pa galasi. Kutsika kwakonzanso za sipidomita, popeza tsopano ndikuyang'ana kudzera m'kati mwa chiwongolero. Kalilole wapakati, yemwe ankandibisira galimoto zochokera kumanzere, wachoka pamaso. Kutsogolo kwa boneti sindikukuonanso, koma ndikayatsa magetsi n'kudzuka nyali zake zija zobisika, ndimadziwa pomwe galimoto yathera. Ndodo ya giya yakhala ngati yakwera, ndipo chigongono chikugunda kabokosi kapakati posintha kupita ku giya yachiwiri ndi yachinayi. Kameneko kachoka sabata ino. Kulowa ndi kutuluka denga lili lotseka ndiye kwavuta kuposa kale, chifukwa m'mbali mwa mpando ndi motalika. Ndikuganiza zoika chiwongolero chochotseka.

A inshuwalansi ndawauza za mpando, chiwongolero, roll bar ndi kuwotcherera komwe kwachitika pansi. Kuno kusanena zosintha zotere kungachititse kuti akane kulipira ngozi ikachitika. Ndasunga zithunzi za zitsulo zakunsi tisanapake phula, kuti woyeza MOT akafunsa ndidzamuonetse.

Zotsala ndi izi. Kapeti ikufunika kudulidwa ndi kusokedwa m'mphepete kuti igone bwino pomwe padali timitumbira. Kutentha kochokera ku mtumbira wa giya kukumveka pa ntchafu yakumanzere tsopano popeza ndayandikira lata, ndiye pansi pa kapeti ndiikapo chotchinga kutentha. Tizitsulo tobwezera mpando wakale tapangidwa koma sitidayesedwe, ndipo mayi a ana akuti Loweruka likubwerali tikayese iwo ali pomwepo. Mpando wa wokwera sunakhudzidwe. Pa bwalo mlangizi amakhala pamenepo, ndipo akakhala wamtali ngati ine helemeti yake idzapitirira roll bar, choncho siponji ya mpando umenewo ndiyo ikusendedwa kenako.